Ma peptide ndi mayi amene wasiya kusamba: za m'chitini, za m'kabotolo ndi za kuchipatala

Amalonda a mankhwala obweza ukalamba atembenukira kwa amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50. Kale ankasaka atsikana ndi mafuta oyeretsa khungu. Lero akusaka mayi amene msambo wake wayamba kudumphadumpha, amene usiku wa mu Juni, Zomba yense atadzipinda m'mabulangete chifukwa cha chiperoni, iye akukankha zofunda, thukuta lili kamukamu. Katunduyo amaonekera pa status ya WhatsApp, amayenda m'zikwama za anzathu a kuntchito, amatchulidwa monong'ona banki m'khonde ikatha. Wina ndi ufa wa m'chitini wothira mu tiyi, wina ndi makapisozi, wina ndi timabotolo ta jakisoni toitanitsa kunja. Onsewo akuti ndi ma peptide, tizidutswa ta mapuloteni, ndipo akuti amachedwetsa kukalamba kwa maselo a m'thupi.

Lonjezoli n'lovuta kulitsutsa ndi mawu awiri, chifukwa amalondawo sanangolipeka. Analitola m'mabuku a sayansi yeniyeni, n'kulitalikitsa kupitirira pamene sayansiyo inalekezera.

Bungwe la WHO limati amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo achipatala amavomereza kuti mayi wasiyadi akatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo, popanda mimba kapena mankhwala ochititsa zimenezo. Mazira amene mwana wamkazi amabadwa nawo amakhala atatha, ndipo thumba la mazira limachepetsa kwambiri kupanga homoni ya estrogen. Homoniyi timaidziwa ndi nkhani za uchembere, koma imagwiranso ntchito m'mafupa, pakhungu, m'mitsempha ya magazi, mu ubongo ndi m'njira ya mkodzo. Ikatsika, konseko kumamva. Thupi limatentha mwadzidzidzi kuyambira pachifuwa kukwera kumaso, tulo timasowa, mtima umagunda, munthu amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amaiwala pamene waika makiyi, ndipo njira ya abambo imauma mpaka kukhala malo amodzi kumasanduka ululu.

Nkhani imeneyi kuno ilibe anamkungwi. Mtsikana akatha msinkhu amalangizidwa. Akatenga pakati poyamba amalangizidwanso, kaya ku chisamba kaya ku litiwo. Koma mayi akafika posiya kusamba amangodzionera yekha. Ena amayezetsa malungo kangapo osawapeza, ena amakafika kwa asing'anga poganiza kuti pali dzanja la munthu. Wamalonda amangolowa pakhomo losatseka, ndipo nthawi zambiri ndiye munthu woyamba kumuuza mayiyo kuti zimene akumvazo zili ndi dzina komanso kuti sali yekha. Pa chimenechi chokha ndimawayamikira.

Pali kusintha kuwiri kumene kumayezeka bwino. Fupa ndi lamoyo: tsiku ndi tsiku maselo ena amaligumula, ena amalimanga, ndipo estrogen ndiyo imaletsa ogumulawo kuchita mopitirira. Ikachepa, kugumula kumaposa kumanga, makamaka m'zaka zoyambirira. Zotsatira zake zimadzaoneka mochedwa, msana utayamba kupindika, kapena mkono kaya chiuno zitathyoka pongoterereka kubafa. Khungu nalo limataya collagen, puloteni imene imalilimbitsa. Madokotala a khungu amati pafupifupi 30 peresenti ya collagen imachoka m'zaka 5 zoyambirira mayi atasiya kusamba, kenako imapitiriza kutsika ndi 2 peresenti pachaka. Ndiye mayi akamati nkhope yagwa m'zaka zochepa, sakunama, ndipo galasi lake silinawonongeke.

Ngakhale zoti kusiya kusamba kumafulumizitsa kukalamba kwa maselo zili ndi umboni wake. Mu 2016 gulu la ofufuza la Morgan Levine ndi Steve Horvath a ku yunivesite ya UCLA ku America linayeza amayi oposa 3,000, poyang'ana zizindikiro zimene zimasintha pa DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'selo, munthu akamakula. Anapeza kuti magazi a amayi amene anasiya kusamba msanga ankaoneka okalamba kuposa a anzawo a msinkhu womwewo. Vuto liripodi. Chotsala n'kuona ngati ma peptide ndiwo mankhwala ake.

Selo limakalamba bwanji

Mu 1961 Leonard Hayflick ndi Paul Moorhead, akugwira ntchito ku Philadelphia, anaona kuti maselo a munthu akawasunga m'mbale ya m'labu amagawikana ka 50 kapena chapompo, kenako amasiya. Chifukwa chake chinadzadziwika pambuyo pake. Kunsonga kwa ma chromosome, timitolo ta DNA ta m'selo, kuli timbali totchedwa ma telomere, ndipo timafupika nthawi iliyonse selo likagawikana. Tikafupika kwambiri, selo limaima. Silifa msanga ayi. Limakhala pomwepo n'kumatulutsa zinthu zoyambitsa kutupa zimene zimasokoneza maselo oyandikana nalo. Palinso enzyme, puloteni yogwira ntchito m'thupi, yotchedwa telomerase imene imatalikitsanso nsongazo, ndipo Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Apa ndi pamene otsatsa malonda amalekezera nkhani, chifukwa yafika pokoma: talikitsani ma telomere, ukalamba uthawa. Mbali ziwiri amazisiya. Yoyamba, ma telomere ndi gawo limodzi chabe. Mu 2013 akatswiri anasanja njira 9 zimene thupi limakalambira, ndipo mu 2023 anaziwonjezera kufika 12, monga kuwonongeka kwa DNA, kufooka kwa timbali topanga mphamvu m'selo, ndi kutupa kosatha. Yachiwiri ndiyo yoopsa. Selo likamasiya kugawikana, thupi likudziteteza, pakuti selo logawikana kosalekeza ndilo khansa. Pafupifupi makhansa 9 mwa 10 alionse amatsegula telomerase kuti asafe. Choncho munthu akakuuzani kuti mankhwala ake amadzutsa telomerase m'thupi lonse, pali ziwiri: mwina sakugwira ntchito, ndiye mwataya ndalama, kapena akugwiradi, ndiye mufunse kuti anawayesa pa anthu angati, kwa zaka zingati, ndipo anawerenga angati amene anadwala khansa.

Nanga peptide n'chiyani? Zakudya zomanga thupi zimapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid, tamitundu 20. Titengeni ngati mikanda. Mikanda yochepa, kuyambira iwiri mpaka cha m'ma 50, ikatungidwa pa ulusi, imeneyo ndi peptide. Ikachuluka n'kupindana, ndi puloteni. Thupi limatunga yakeyake, ndipo ina imanyamula uthenga kuchoka ku chiwalo china kupita ku china. Uthengawo uli m'kasanjidwe ka mikandayo. Ulusi ukaduka, mikanda ilipo yonse, koma uthenga watha.

Ma peptide ena ndi mankhwala amphamvu amene timawadziwa kale. Insulin ya odwala shuga ili ndi ma amino acid 51, ndipo inapezeka ku Toronto mu 1921. Oxytocin ili ndi 9 okha. Mayi amene anachirira ku Zomba Central, ku Matawale kapena ku St Luke's ku Malosa m'zaka zaposachedwa ayenera kuti akukumbukira jakisoni wa pantchafu amene azamba amabaya mwana akangobadwa, kuti chiberekero chikhwinyate ndipo magazi asataike ambiri. Ameneyo ndi oxytocin. Mankhwala awiriwa amabayidwa, ndipo amasungidwa mufiriji. Sachita kumwa chifukwa ntchito ya m'mimba ndi matumbo ndiyo kudula ulusi uja. Asidi ndi ma enzyme amaduladula puloteni iliyonse, kaya ya nyemba kaya ya mankhwala, mpaka kutsala mkanda umodziumodzi, uwiriuwiri kapena utatuutatu. Zaka zoposa 100 zadutsa, makampani akuluakulu akuthira ndalama zosaneneka, koma odwala shuga akubayabe insulin. Kampani ya Novo Nordisk itatulutsa semaglutide wa mapilitsi, peptide ya odwala shuga, mu 2019, inachita kuikamo chinthu china chapadera chomuthandiza kudutsa m'mimba, wodwala amayenera kumwa asanadye kanthu ndi madzi ochepa n'kudikira mphindi 30, ndipo ndi zonsezo amene amafika m'magazi ndi 1 peresenti yokha kapena kuchepera. Kapisozi wa pa WhatsApp amene akuti amafika mpaka ku DNA ayenera kufotokoza kuti iye wadutsa bwanji pamene enawa akulephera.

Iliponso peptide yopangidwira amayi osiya kusamba. Dzina lake ndi teriparatide, ya ma amino acid 34, imene inaloledwa ku America mu 2002. Anaiyesa pa amayi 1,637 amene mafupa awo a msana anali atathyokapo kale, ndipo inachepetsa kuthyoka kwina kwa msana ndi 65 peresenti. Ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku, wokwera mtengo, wolembedwa ndi dokotala kwa munthu amene mafupa ake afooka kwambiri, ndipo palibe amene amati amabweza ukalamba. Inzake, calcitonin yopopera m'mphuno, inagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri pa vuto lomweli, mpaka mu 2012 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linalangiza kuti isiyidwe litaona kuti oigwiritsa ntchito nthawi yaitali ankadwala khansa mochulukirapo pang'ono. Anadziwa chifukwa panali owerengera. Mbiri yabwino ya mankhwala ngati amenewa ndiyo imene amalonda amabwereka.

Ufa wa collagen

Uwu ndiwo wofala kwambiri, ndipo ambiri amene akuti akumwa ma peptide akumwa umenewu. Amaupanga kuchokera ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe, zikopa za nkhumba, kapena khungu ndi mamba a nsomba. Amaziwiritsa, n'kuziduladula ndi ma enzyme, n'kuziumitsa. Muno mu Zomba, mmene Asilamu ndi a Seventh Day ali ambiri, funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti ufawo wachokera ku nyama yanji. Ngati chitini sichikunena, wogulitsayonso sakudziwa.

Tiwapatse zawo opanga ufawu: n'zoona kuti tizidutswa tina ta mikanda iwiri kapena itatu timalowadi m'magazi munthu akamwa, ndipo ofufuza ena amaganiza kuti timalimbikitsa maselo a khungu kupanga collagen yatsopano. Koma tambiri timangosanduka chakudya, ndipo thupi limatitumiza kumene likufuna, osati kumene kuli makwinya.

Pa mafupa, kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri anachitika ku Freiburg ku Germany ndipo anatuluka mu 2018. Amayi 131 osiya kusamba anagawidwa pawiri, ena n'kumamwa magalamu 5 a collagen tsiku lililonse kwa miyezi 12, ena ufa wopanda kanthu. Mafupa a omwa collagen anakhuthalako pang'ono kumsana ndi m'chiuno. Ndi chiyambi chabwino, koma amayiwo anali ochepa, kampani yopanga ufawo ya Gelita inalipirako ntchitoyo, ndipo chimene anayeza ndi kukhuthala kwa fupa pa makina, osati chiwerengero cha amene anathyoka. Mayi wa zaka 70 amene wagwa pa chitseko cha kukhitchini alibe nazo ntchito nambala za makina. Akufuna chiuno chisathyoke.

Pa khungu nkhani yake n'njochititsa chidwi. Mu 2025 ofufuza a ku South Korea anasonkhanitsa kafukufuku 23 wa anthu 1,474. Onse ataphatikizidwa, collagen ankaoneka kuti amafewetsa khungu ndi kuchepetsa makwinya. Atapatula amene sanalipiridwe ndi makampani, phindulo silinaonekenso. Atapatulanso amene anachitidwa mosamala kwambiri, chimodzimodzi. Ine pamenepa sindinena kuti wina ananama. Kungoti mwini katundu akamalipira woyesa katundu wake, zotsatira zosakoma zimakonda kutsala m'kabati. Ndipo kafukufuku yenseyu ankayeza chinyezi ndi makwinya a khungu. Zoti selo lachedwa kukalamba sizinayezedwe n'komwe.

Chinthu chimene chimandisekesa n'chakuti collagen sinayambe yasowapo mu msika wa Zomba. Mang'ina akaphikidwa usiku wonse, msuzi wake ukazizira umagwirana n'kumanjenjemera, ndipo chogwiranacho ndi collagen yosungunuka. Zipalapasiro n'chimodzimodzi, khungu ndi mutu wa nsomba n'chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ufa wa m'chitini anauduliratu, ndiye umalowa msanga, pamene mang'ina amabwera ndi mafuta ndi mchere wambiri, zimene mayi wa BP ayenera kusamala nazo. Komanso collagen, kaya ya m'chitini kaya ya mu mphika, si puloteni yokwana, chifukwa ilibe amino acid imodzi yofunika yotchedwa tryptophan. Singalowe m'malo mwa mazira, nandolo, nyemba, soya kapena nsomba. Ndipo thupi silingamange collagen yake popanda vitamini C, amene ali tho m'magwafa, malambe, mapapaya, mandimu, ngakhale ma strawberry amene anyamata amagulitsa mumsewu wokwera ku Ku Chawe.

Kwa munthu wathanzi ufa wa collagen suvulaza kawirikawiri. Umavulaza thumba. Amene ali ndi vuto la impso kapena amadana ndi nsomba afunse kaye achipatala. Amene ali nazo ndalama zake ndipo akukonda, amwe, bola adziwe kuti akugula chakudya.

Za mafuta odzola tingodutsapo. Ambiri amakhala ndi GHK-Cu, peptide ya ma amino acid 3 yogwirana ndi kopa, imene Loren Pickart anaipeza m'magazi a munthu mu 1973. Kafukufuku wake pa anthu ndi wochepa, ndipo khungu silimalola zinthu kulowa wamba. Mayi amene akudzola zimenezi m'mawa, usiku n'kumadzola mafuta oyeretsa okhala ndi ma steroid, akupepukitsa khungu lake mofulumira kuposa mmene msinkhu ukanachitira.

Timabotolo ta jakisoni

Apa ndiye pofunika kuchenjera, chifukwa mawu oti "kukalamba kwa maselo" amachokera kwenikweni ku gulu ili. Yotchuka ndi epitalon, ya ma amino acid 4, imene inapangidwa ndi gulu la Vladimir Khavinson ku St Petersburg ku Russia. Mu 2003 gululo linalemba kuti epitalon inadzutsa telomerase ndi kutalikitsa ma telomere. Izi zinachitika m'maselo a m'mbale ya m'labu. Zambiri zolembedwa za mankhwalawa zinachokera ku gulu lomwelo, ndipo palibe kafukufuku wamkulu wa anthu ena apadera amene anasonyeza kuti mayi wobayidwa epitalon amakalamba mochedwa kapena kuti sakumana ndi vuto patapita zaka.

BPC-157, ya ma amino acid 15, inafufuzidwa kwambiri ku Zagreb ku Croatia, makamaka pa makoswe, ndipo bungwe la WADA loletsa mankhwala owonjezera mphamvu pa masewera linailetsa kuyambira 2022. MOTS-c inapezeka mu 2015 ku California, ndipo inathandiza mbewa kuti zisanenepe. FOXO4-DRI inatchuka mu 2017 pamene ofufuza a ku Netherlands anaonetsa mbewa zokalamba zitameranso ubweya. Zonsezi ndi ntchito yabwino ya sayansi, ndipo mwina tsiku lina kudzatuluka mankhwala. Koma mbewa imakhala zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mankhwala ambiri ochiritsa mbewa amalephera akafika pa munthu. Palinso ena, monga ipamorelin ndi CJC-1295, okakamiza thupi kutulutsa homoni yokulitsa. Homoni imeneyo ikachuluka imakweza shuga m'magazi ndi kutupitsa manja ndi mapazi, ndipo mayi wa zaka 50 amakhala ali kale pa msinkhu umene shuga amayambira.

Mu 2023 bungwe la FDA loona za zakudya ndi mankhwala ku America linaika BPC-157, epitalon ndi ena angapo pa mndandanda wa zinthu zodetsa nkhawa, ponena kuti chitetezo cha thupi chikhoza kulimbana nazo, kuti zikhoza kukhala ndi zinyalala zotsala popanga, ndiponso kuti umboni woti n'zosavulaza ndi wochepa. Ogulitsa pa intaneti amazemba malamulo polemba pa kabotolo m'Chingerezi kuti katunduyo ndi wofufuzira basi, si wa munthu. Tanthauzo lake n'lakuti chikakuchitikirani, iwo anakuuziranitu.

Tsono wonjezerani za kwathu kuno. Peptide ikasungunulidwa imafuna firiji. Kabotolo kachoka ku fakitale yosadziwika, kafika ku Johannesburg, kakwera basi, kadikira pa chipata cha Mwanza, kagona m'chikwama ku Limbe, kafika ku Chinamwali kumene magetsi amazima tsiku lathunthu. Palibe angakuuzeni ngati muli mankhwala amene alembedwawo, mlingo wake, kapena ngati mulibe tizilombo. Wobaya ndi mnzanu wa ku saluni. Chotupa cha mafinya ndiye vuto laling'ono, ndipo singano yobwerekana tonse tikuidziwa zimene imabweretsa. M'dziko muno mankhwala amayenera kulembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo jakisoni aliyense ndi mankhwala, kaya wogulitsa akumutcha dzina lotani. Mawu oti "zachokera ku America" asakutonthozeni mtima, pakuti kumeneko lamulo la 1994 limalola kampani kugulitsa zakudya zowonjezera popanda kusonyeza kaye boma kuti zimagwira ntchito.

Nanga bwanji mnzanu uja akulumbira kuti zinamuthandiza? Mwina sakunama. Kutentha thupi kumabwera n'kumapita, mwezi wina kochuluka, mwezi wina kochepa, ndipo munthu amagula mankhwala pa mwezi woipitsitsa, pamene wotsatira ukanakhala wabwinoko ndi kale. Komanso m'kafukufuku wa vuto limeneli, amayi opatsidwa mapilitsi opanda mankhwala nawonso amanena kuti kutenthako kwachepa kwambiri, nthawi zina mpaka ndi theka. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa SWAN anapeza kuti vutoli limatenga zaka zoposa 7 kwa amayi ambiri, ndipo kwa amayi akuda limafika zaka 10. Kwa wamalonda zimenezo ndi zitini zambiri.

Zimene zili ndi umboni sizikoma kutsatsa. Chochepetsa kutentha thupi ndi kuteteza mafupa mwamphamvu kuposa zonse ndi kubwezera estrogen yomweyo. Njirayi inaopedwa kuyambira 2002, pamene kafukufuku wa Women's Health Initiative wa amayi oposa 16,000 anaimitsidwa msanga ataona khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi zikukwera. Pambuyo pake zinaoneka kuti amayiwo anali achikulire, ambiri a zaka za m'ma 60, ndipo lero akatswiri ambiri amati kwa mayi wathanzi wosakwana zaka 60, kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, ubwino umaposa kuipa. Amene ali ndi chiberekero amafunika homoni yachiwiri yochiteteza ku khansa. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, kuundana kwa magazi kapena chiwindi, njirayi si yawo. Ndi nkhani yokambirana ndi dokotala wa amayi, osati yogula mapilitsi olera pa golosale n'kumadziyesera. Pa kuuma kwa njira ya abambo pali estrogen yodzola pomwepo, imene imalowa m'magazi pang'ono chabe.

Pa mafupa, mayi wopitirira zaka 50 amafunika calcium wokwana mamiligalamu 1,200 patsiku malinga ndi malangizo a ku America. Matemba a ku Chilwa, usipa ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo calcium ali m'mingamo. Bonongwe, mpiru ndi chigwada zimawonjezera. Fupa limalimba likamanyamula katundu, ndiye mayi wa ku Jali wolima ndi kusenza madzi ali ndi mwayi umene alibe mayi wa mu ofesi amene amachoka pa mpando n'kukwera kabaza mpaka pakhomo. Kukwera wapansi kuchokera ku msika kupita ku Mulunguzi katatu pa sabata n'kwaulere. Fodya ndi mowa zimadya mafupa. BP ndi shuga ziyezedwe, chifukwa estrogen ikachoka, chiopsezo cha matenda a mtima chimakwera mwakachetechete.

Pali mbali ina imene zitini zochokera kunja sizilemba, chifukwa sizinapangidwire ife. Amayi ambiri amene anayamba ma ARV m'zaka za m'ma 2000 ndi amene akusiya kusamba lero. Kuyambira 2019 anthu ambiri a pa ma ARV m'dziko muno akumwa pilitsi lotchedwa TLD. Tenofovir amene ali m'menemo amachepetsako kukhuthala kwa mafupa, ndiye mayi wotere ali ndi zifukwa ziwiri zosamalira mafupa ake, koma chimenecho si chifukwa chosiyira mankhwala. Vuto lili pa dolutegravir, mankhwala enanso a mu TLD yemweyo. Akakumana m'mimba ndi calcium, iron kapena magnesium, amagwirana nazo n'kulephera kulowa bwino m'magazi, ndipo ufa ndi makapisozi ambiri "a mafupa ndi khungu" amakhala osakaniza zimenezi. Malangizo ake ndi akuti dolutegravir amwedwe maola 2 musanamwe zowonjezerazo kapena maola 6 mutamwa, kapena zonse zimwedwe pamodzi ndi chakudya. Chitinicho mupite nacho tsiku lokatenga mankhwala, adokotala awerenge okha zimene zalembedwa kumbuyo.

Jakisoni wolera wa miyezi itatu nayenso amasokoneza kuwerenga. Amaimitsa msambo kwa amayi ambiri ndipo amachepetsa mafupa pa nthawi imene akugwiritsidwa ntchito, moti mayi wa zaka 47 sangadziwe ngati wasiyadi kapena ndi jakisoniyo. Mimba imathekabe pamene msambo ukudumphadumpha, ndipo malangizo a zolera amati mayi apitirize kudziteteza mpaka chaka chimodzi chitadutsa chionereni msambo womaliza, kapena zaka ziwiri ngati sanakwane zaka 50.

Chimene ndimaopa kwambiri pa malonda onsewa ndi ichi. Mayi watha zaka zitatu osasamba, wayamba kumwa ufa kapena kubayitsa, ndiye tsiku lina akuona magazi. Akamuuza wogulitsa, yankho lake n'lodziwikiratu: "Mwaonatu mayi, thupi labwerera utsikana." Palibe peptide imene imabweza mazira amene anatha. Magazi aliwonse otuluka pakatha miyezi 12 ija, ngakhale kadontho, ngakhale kamodzi kokha mutakhala ndi abambo, amafunika kuyezedwa. Nthawi zambiri chimakhala kupyapyala kwa khungu la m'njiramo, koma ndi mmenenso khansa ya chiberekero ndi ya khomo la chiberekero zimadzionetsera, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Katemera wa HPV, woteteza ku khansa imeneyi, anayamba kuyesedwa m'maboma a Zomba ndi Rumphi mu 2013 ndipo anafika dziko lonse mu 2019, koma ndi wa atsikana aang'ono. Amayi amene akusiya kusamba lero sanamulandire. Mayi woona magazi otere apite kuchipatala sabata yomweyo, anene tsiku limene anaona msambo womaliza, ndipo atchule chilichonse chimene akumwa kapena kubayitsa, ngakhale chimene anagula mobisa kwa abambo.